Mbiya Zitatu za aNambewe

Disembala uno, pakhonde panga ku Chipata

Esinati mwana wanga, wandivutitsa mokwanira. Ukangobwera kuchokera ku Lusaka umanditulutsira timabotolo ta mowa umene anzako amafulula okha m'kafakitale kawo kuseri kwa nyumba, kenako n'kukhala pamenepo kundiyang'ana kukamwa ngati namwino wodikira kuti wodwala ameze mankhwala. Ulendo wathawu unati, "Atate, pa mowa wonse umene mwamwa chaka chino, wokoma koposa ndi uti? Mulembe, tidzasunge." Chabwino, ndalemba, ndipo alongo ako awiri aja awerengenso. Koma udziwe kuti adokotala anandilola chipanda chimodzi pa sabata, choncho opikisana sanali ambiri.

Wachitatu ndi wa m'botolo uja wa malambe umene unabwera nawo mu Okutobala. Poyamba ndinauseka, ndinati mowa wanji wothira malambe ngati phala la mwana? Koma nditaumwa dzuwa lili paliwombo, uli wozizira bwino, kuwawasa kwake kunandifika mpaka m'makutu, ndipo kukhosi kunatsala kakuwawa kokoma. Anzakowo ukawauze kuti dzanja ali nalo. Chimene sindinakondwe nacho n'chimodzi: mowa woti ukaukweza m'mwamba ukuona munthu amene wakhala tsidya linalo, ndipo ukamaliza njala ili pomwepo. Wachiwiri ndi wa mapira umene anafulula akazi a malume ako a Gabiriele ku Kasenengwa, tsiku la dima lobzala mtedza. Khasu sindinaligwire, msana unakana, koma ndinayenda m'munda manja kumbuyo ndikuti mizere yakhota, ndipo anandipatsa chipanda changa monga wantchito aliyense. Unali wolemera, wofiirira, wonunkhira utsi pang'ono, woti ukamwa wadyeratu.

Woyamba sindingathe kungoutchula. Kuti umve chifukwa chake unapambana, uyenera kuyenda nane kubwerera kumene ndinayambira ntchito. Khala pansi, ulendo wake ngwautali.

Chaka chimene ndinayamba ntchito

Za ubwana wanga sindinena, kupatula kuti amayi anga anali ofulula mowa, ndipo ine ndinakulira pakati pa mbiya. Ndisanadziwe kuwerenga ndinkadziwa kale kusiyanitsa mowa wa mawere ndi wa chimanga ndili panja pa mpanda. Sindinkadziwa kuti mphuno imeneyo ndi imene idzandidyetse.

Ananditenga ku ofesi ya zaumoyo ngati wothandiza inspekitala. Anandipatsa yunifolomu ya khaki yokwana anthu awiri, njinga yopanda pampu, ndi bwana mmodzi dzina lawo Che Saidi. Anali Msilamu, makolo awo anachokera ku Malawi, ndipo abale awo onse anali ndi masitolo a nsalu m'tauni muno. Iwo okha ndi amene anakana kuyeza nsalu n'kupita kukaphunzira za zimbudzi ndi zitsime, moti achimwene awo ankawatcha wotayika. Anali munthu wamfupi, wa kofia yoyera mbee, wolankhula motsitsa ngati akuopa kudzutsa mwana. Tsiku loyamba anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka ku nsapato, nati, "Tembo, umamwa mowa?" Ine ndinaganiza kuti ndi msampha. Ndinati, "Ayi bwana, ine ndine wa kwaya ku tchalitchi." Iwo anapumira m'mwamba, nati, "Tsoka langa. Ndinapempha womwa." Apo ndinakanda m'mutu, ndinati, "Pang'ono pokha, bwana, pa Khirisimasi." Anati, "Khirisimasi yakoyo imabwera kangati pa mwezi?" Tinaseka tonse awiri, ndipo kuyambira tsiku limenelo sindinawanamizenso.

Chimene ankafunira womwa chinali ichi. Ntchito yathu inali kuyang'ana nyama pamsika, zimbudzi, zitsime, komanso amayi ofulula mowa m'makomboni ndi m'midzi. Ofulula ambiri anali aukhondo, koma ena ankathira zinthu zoipa kuti mowa ukhale waukali, wina feteleza, wina zam'kati mwa mabatire, ndipo ena ankafululira m'migolo imene munali mankhwala opopera thonje. Che Saidi mowa sankaukhudza, ngakhale kuununkhiza. Tikafika pakhomo ankaima pataliko pansi pa mtengo, ine n'kulowa kukanunkhiza mbiya ndi kulawa. Ndikatuluka ankafunsa kuti, "Lilime langa likuti bwanji?" Ndikati uli bwino, tinkapita. Ndikati muli batire, ankavula kofia, n'kuivalanso, ndiyeno n'kukalankhula ndi mwini wake mofatsa mpaka mayiyo ankataya yekha mowawo, misozi ili m'maso, koma osatukwana. Luso limenelo ine sindinalitole.

Zaka za ku Kasenengwa

Atatisamutsira kumidzi, ntchito inakoma koma zipangizo zinasowa. Kolorini wothira m'zitsime ankabwera kamodzi n'kutha mwezi womwewo. Njinga yamoto tinali nayo imodzi, koma petulo ankapezeka mwa apo ndi apo, moti nthawi zambiri inkangokhala m'khonde nkhuku n'kumaikira pansi pake. Tayala la njinga yanga yopalasa litatheratu, ndinalisokerera udzu m'kati n'kumayenda nalo miyezi, likulira njira yonse. Ofulula ankandimva ndili kutali, n'kumauzana kuti a Mphuno akubwera. Dzina limenelo linandikakamira mpaka ndinapuma ntchito.

Sankandiopa ayi. Ofulula abwino ankandikonda, chifukwa ndikanena pagulu kuti mowa wa mayi uyu ngwaukhondo, mbiya inkatha dzuwa lisanapendeke. Ndipo pali mwambo umene iwe wa mabotolo suudziwa, choncho umvetsere. Mwini mowa akatunga chipanda choyamba, amayamba wamwa yekha pamaso pa anthu, kusonyeza kuti sanathiremo choipa. Akatero amapukuta pakamwa pa chipandacho ndi chikhato, n'kukupatsa ndi manja awiri. Ngati sumwa mowa, umanena iye asanamwe, ndipo palibe mlandu. Koma ngati ndiwe womwa wodziwika, iye wamwa kale, iwe n'kukana chipandacho, ndiye kuti wamutcha mfiti pamaso pa anthu onse. Pa zaka zonsezo sindinakanepo chipanda cha munthu. Ngakhale mowa wosasa ndinkanyambitako, n'kukanenera kumbali.

Kumeneko n'kumenenso ndinapeza amayi ako, aNabanda. Ankagulitsa thobwa pamsika, ndipo ine ndinkayendera chidebe chawo katatu pa sabata. Tsiku lina anaika manja m'chiuno, nati, "Kodi a inspekitala, chidebe changachi chili ndi matenda anji amene zidebe za anzangazi zilibe?" Amayi onse pamsikapo anafa nacho chiseko. Amene anakandinenera kwa akuluakulu awo anali Che Saidi, Msilamu kukapempha mbeta ya Mkatolika, ndipo pa ukwati wathu anakhala kutsogolo ndi kapu yawo ya tiyi.

Novembala wa kolera, cha ku Chiparamba

Iwe unali kumsana chaka chimenecho. Mvula inafulumira, ndipo pamodzi nayo panabwera kolera m'midzi ya cha ku Chiparamba. Lamulo linatuluka loti mowa uliwonse wa m'midzi yokhudzidwayo utayidwe. Petulo anapezeka mwadzidzidzi, monga amachitira zinthu zikavuta, ndipo ine ndi Che Saidi tinayamba kuzungulira.

Tsiku lachitatu tinamva kuti m'mudzi wina muli mowa wa chikumbutso cha maliro. Wofulula anali mayi wamasiye, aNambewe. Amuna awo anali atamwalira chaka chapitacho, ndipo iwo anali kuchitengwa, kutanthauza kuti ankakhala kwawo kwa mwamunayo, ndi ana atatu. Mwambo wa banja limenelo unali woti chaka chikatha, wamasiye afulule mowa, abale amwe, amete, kenako amuvule nsalu yakuda n'kumusudzula kuti abwerere kwawo ndi ana ake. Popanda mowa, palibe kusudzula. Mayiyo anali atalima yekha kamunda ka mawere kuseri kwa nyumba, n'kumaingitsa mbalame ndi mwana kumsana, ndipo mawere onsewo anawasandutsa chimera. Sanasiye ngakhale a mbewu. Pakhomopo sankakhala bwino, alamu awo ankawawerengera ndi mchere womwe, ndiye anali ataika mtima wonse pa tsiku limeneli.

Che Saidi anaimitsa njinga yamoto pansi pa mtengo wa mango kunja kwa mudzi. Anati, "Tembo, lamulo ukulidziwa. Koma uwu ngwa maliro. Pita wekha. Ukabwera n'kundiuza kuti sunapeze kanthu, ine maso anga ngokalamba, sindiona patali." Ndinamva chimene ankatanthauza. Anandisenzetsa katundu yense, koma anatero chifukwa chondikhulupirira.

Fungo linandilonjera ndisanalowe mumpanda. Mayo ine! Mawere okhaokha, opanda chimanga n'pang'ono pomwe, ofululidwa ndi munthu wosapupuluma. Mbiya zitatu zinali pamthunzi zikutulutsa thovu, ndipo ukatchera khutu zinkamveka kulira pansipansi. Bwalo linali litadzaza, azibambo pamipando, azimayi pamphasa, ana akuthamangathamanga. Anthu atandiona anakondwa, ena n'kumati a Mphuno afika, lero timva chilungamo. ANambewe anatuluka, mayi wamtali woonda, nsalu yakuda itachita kuyezuka ndi dzuwa, nagwada kundipatsa moni.

Ndinawaitanira pambali. Anthu amati mowa sungadwalitse poti ngwophika, ndipo n'zoona umaphikidwa, kawiri konse. Koma ine mwana wa wofulula ndinkadziwa kuti tsiku lokuntha, posefa masese, wofulula amathirako madzi ozizira kuti mowa usalimbe kwambiri, ndipo madzi amenewo sapita pamoto. Ndinafunsa kuti, "Mayi, madzi okunthira munatunga kuti?" Akanatha kunama. Akanati kumjigo, ine ndikanavomera msangamsanga, ngakhale ndinkadziwa kuti mjigowo unafa kalekale ndipo chitsulo chake chinkasowa. Kunena zoona, mumtima ndinkapempha kuti aname. Koma anandiyang'ana m'maso, nati, "Kuchitsime cha kudambo, bambo. Kulibenso kwina." Chitsime chimenecho n'chimene ankatungako mabanja awiri amene anali kudwala, ndipo dzana lake anali ataika mwana wa banja limodzi mwa awiriwo.

Ataona nkhope yanga anadziwa. Sanandichonderere. Anapita pa mbiya yoyamba, natunga chipanda chodzaza, naima pakati pa bwalo, namwa pamaso pa anthu onse, kumwa kwenikweni, osati kunyambita. Anapukuta pakamwa pake ndi chikhato, nagwada, nandipatsa ndi manja awiri. Maso onse anali pa ine. Ndinayang'ana chipandacho, ndinayang'ana ana amene anayandikira kudikira masese, poti pa mowa wotere ana amapatsidwa masese kuti anyambite. Manja anga anakhala kumbuyo. Ndinati, "Pepani mayi, sindimwa." Mayi wina pamphasa anati, "Kalanga ine!"

Kenako ndinagwira mbiya yoyamba n'kuipendeketsa. Inali yolemera, ndinachita kuikankha ndi bondo. Yachiwiri chimodzimodzi, yachitatunso. Mowa unayenderera pabwalo mpaka kumiyendo ya mipando, nkhuku n'kuthamangira masese, ine n'kumaziingitsa ngati wamisala kwinaku ndikuwaza kolorini wotsiriza amene tinali naye. Ndinkayembekeza kuti wina andimenya, ndipo mwina ndikanapepukidwa. Palibe anandikhudza. ANambewe anali chigwadire, chipanda chili m'manja. Anachiika pansi bwinobwino, nati, "Mwakana chipanda changa pamaso pa anthu, a Tembo. Chabwino. Muyende bwino."

Pobwerera Che Saidi anayendetsa mpaka tinafika pamsewu waukulu. Pamenepo anaimitsa njinga, nati, "Ndikanalowa ine, ndikanatayanso. Koma ine kukoma kwake sindikudziwa, ndiye kwa ine sikukanakhala kovuta. Pepa, mwana wanga." Ndinalira pamsana pawo ngati mwana, yunifolomu ikununkha mawere.

Zaka zotsatira

Alamu awo a aNambewe anati mowa sunamwedwe, choncho kusudzula kulibe. Mayiyo anakhalanso chaka china chathunthu pakhomo pamenepo, m'nsalu yomweyo, ndipo anthu ena anayamba kunong'ona kuti ngati a Mphuno anakana chipanda chake, ndiye kuti anamvamo kanthu. Amayi ako atamva, anatapa mawere awo dengu lathunthu n'kutumiza. Patapita masiku anayi dengulo linabwerera losakhudzidwa, ndi uthenga woti, "Sindifulula ndi mawere a kwa munthu wonditcha mfiti." Ndinapitako kawiri kuti ndikafotokoze, koma ulendo woyamba anatseka chitseko, wachiwiri anandiuza kudzera mwa mnansi kuti apita kumunda, ndikuwaona ali m'khitchini. Ndinasiya. Chaka chinacho anakolola, anafulula, anasudzulidwa, nabwerera kwawo cha ku Kasenengwa, kumene anatchuka ngati wofulula woposa onse. Anthu ankakwera njinga mtunda wautali kukamwa mowa wawo. Ine ndekha, wa mphuno yodziwika boma lonse, sindinaulawepo.

Chimene chinkandidya n'chakuti iwo anamwa theka la chipanda chija ndipo sanadwale. Patapita zaka, dokotala wina wachinyamata anandiuza tikucheza kuti mwina mowa wowira bwino umapha wokha tizilombo totere. Anangonena modutsa, akumwa tiyi, osadziwa kuti wandibaya. Ndinakafunsa Che Saidi, amene panthawiyo anali atapuma ntchito, akukhala pakhonde la sitolo ya achimwene awo. Anati, "Mwina anali bwino, mwina ayi. Ana aja ali moyo, ndipo sudzadziwa ngati n'chifukwa cha iwe. Ntchito yathu ndi yotero, Tembo, ukaigwira bwino palibe chimene chimachitika." Anamwalira chaka chotsatira. Ndinanyamula nawo maliro awo mpaka pachipata cha manda a Asilamu, ndipo mpaka lero ndikadutsa pa mtengo wa mango ndimaona ngati aimapo ndi kofia yawo.

Ndinagwira ntchito mpaka penshoni, ndinakwezedwa kukhala inspekitala, ndinataya mowa wina wambiri woipa popanda kuusowera tulo. Koma nkhani ya mbiya zitatu sindinkaikamba, ndipo pakhomo pano amene ankaidziwa anali amayi ako okha.

Julayi wa chaka chatha, ndi Julayi wa chaka chino

Amayi ako atafooka, tsiku lina masana ndikuwapatsa phala, anakankha supuni, nati, "Bambo a Esinati, chaka chikadzatha abale anga adzafuna mowa woti akusudzuleni. Mowa wangawo adzafulule aNambewe. Ndipo mukawapemphe nokha, osatuma mwana." Ndinati, "Amayi, mukufuna akandithire madzi otentha?" Anati, "Akakuthirani mudzapukuta. Ndatopa nako kukumvani mukuusa moyo nthawi zonse mukaona mawere." Anaseka, kenako anatsokomola, ndipo patatha sabata anatisiya.

Chaka chimenecho unachiona wekha mmene ndinalili. Chakudya chilichonse chinkangomveka ngati gaga. Mabotolo amene unabweretsa pa Pasaka ndinakuuza kuti ngabwino, koma ndinanama, sindinamve kanthu. Malume ako a Gabiriele atabwera kudzakamba za chikumbutso, kuti kudzakhala Misa kumanda kenako mowa kumudzi, ndinawauza mawu a mlongo wawo. Anagwira pakamwa, nati, "Alamu, mayi amene uja ngwouma mtima ngati mwala wa mphero. Akakana, tidzatani?" Ndinati akakana ndiye kuti ndalephera chinthu chomaliza chimene mkazi wanga anandipempha, ndipo wina asadzafulule m'malo mwake.

Ndinakwera minibasi m'mawa, kenako ndinayenda wapansi. Ndinawapeza aNambewe pabwalo pawo akuyanika chimera pamphasa, atakalamba, tsitsi lili mbuu, koma msana uli chilili ngati kale. Ndinavula chipewa n'kukhala pansi penipeni, osadikira mpando. Anandiyang'ana, nati, "A Mphuno. Mwabwera kudzataya chiyani lero?" Ndinati, "Mayi, ndabwera kudzapempha." Ndinafotokoza zonse. Iwo anapitiriza kutembenuza chimera ndi dzanja. Kenako anati, "Za imfayo ndinamva, ndipo ndinalira. Mkazi wanu ankabwera kuno chaka chilichonse kudzagula chimera cha thobwa. Simunkadziwa, eti? Poyamba ndinkamugulitsa nditayang'ana kumbali, kenako tinazolowerana. Za inu sitinkakamba. Ankangoti aja akadali moyo, akadali kuusa moyo."

Ndinati, "Mayi, chaka chija ndinakulakwirani, kapena sindinalakwe, sindikudziwa mpaka lero. Koma tsopano ndadziwa kutalika kwa chaka cha munthu wamasiye." Anaimitsa dzanja, nati, "Simunadziwe, a Tembo. Chanu n'chimodzi, ndiponso muli m'nyumba mwanu. Zanga zinali ziwiri, pakhomo pa eni." Nkhuku inabwera kudzajompha chimera, ndipo ndinaiingitsa ndi chipewa. Iwo anati, "Kuingitsa nkhuku ndiye mumatha." Kenako anati, "Ndidzafulula, chifukwa cha aNabanda, osati inu. Koma madzi onse mudzatunga nokha, ndipo okunthira mudzawiritsa nokha. Paja inu ndinu odziwa za madzi."

Ogasiti wa chaka chino

Iwe unafika tsiku la Misa, ndiye sunaone atate ako akukankha wilibala. Sabata yathunthu ndinali kumudzi kwa amayi ako, m'mawa uliwonse zigubu ziwiri kupita kumjigo n'kubwera, maulendo osawerengeka, ndikupuma pa chulu chilichonse. Azimayi kumjigo ankafuna kundithandiza, koma aNambewe anali atalamula kuti wondigwirira chigubu asadzamwe. Ankakhala pampando pafupi ndi moto, mthiko uli m'manja, n'kumandifunsa kuti, "Amenewa mwatunga kuti, a inspekitala?" Ndikati kumjigo, ankati, "Tikhulupirire?" Mudzi wonse unkaseka, malume ako mpaka kugwira nthiti. Tsiku lokuntha ndinawiritsa mgolo wathunthu, utsi ukundiliza, ndipo anandiuza kuti ndiukhalire pafupi mpaka uzizire, kuti ntchentche ingagweremo. Pa sabata imeneyo ndinaona mmene amagwirira ntchito, kulawa phala ndi chala, kuthira chimera pang'onopang'ono akuyang'ana kumwamba ngati akumvetsera, kufunditsa mbiya ndi masaka kunja kukazizira. Amayi anga anali ofulula abwino, koma apa ndinavula chipewa. Mbiya zinali zitatu. Sindinafunse chifukwa chake.

Za tsikulo unaziona, koma sunadziwe chimene unkaona. Titachoka kumanda tinakhala pabwalo, malume ako anandimeta, nanena mawu ondimasula, kuti ndasunga mlongo wawo bwino mpaka kumapeto ndipo alibe nane chifukwa. Kenako aNambewe anadzuka ndi ndodo yawo, napita pa mbiya yoyamba. Chipanda choyamba chimayenera kupita kwa malume ako monga mwini mbumba, ndipo iwo anali atakonza kale pakhosi. Mayiyo anatunga, naima pakati pa bwalo, namwa. Anapukuta pakamwa pa chipandacho ndi chikhato. Ndiyeno anawadutsa malume ako, nabwera pamene ndinakhala ine, nagwada movutikira, mawondo akulira, nandipatsa ndi manja awiri.

Manja anga anakana kutuluka. Sikunali kukana, mwana wanga, koma maso anali atadzaza misozi moti chipandacho ndinkachiona ngati ziwiri. Akuluakulu ochepa amene ankaidziwa nkhani yakaleyo anayang'anana. ANambewe anati, mokweza kuti onse amve, "Madzi ake munawiritsa nokha, a Tembo. Kapena ndidikirenso chaka china?"

Ndinalandira. Unali wofunda pang'ono, wolemera, wotsekemera koyamba kenako n'kuluma lilime, ndipo fungo lake linali lomwe lija linandilonjera pampanda iwe uli kumsana. Kwa chaka chathunthu kukamwa kwanga kunali kotseka, ndipo kunatseguka pamenepo. Ndinamva mawere, ndinamva utsi wa nkhuni zimene ndinasonkhezera ndekha, ndipo ndinawasowa amayi ako kwambiri, poti ndi iwo amene ndinkafuna kuwauza kuti ngwokoma. Ameneyo ndiye woyamba, Esinati, wa chaka chino ndi wa zaka zonse. Anzako a mabotolo asakhumudwe.

Nditatsitsa chipanda, aNambewe anachilandira, nasuzumiramo, nachibwezera m'manja mwanga. Anati, "Mwasiyamo. Mowa wanga satayako." Ndinamaliza mpaka masese.